Ndapeza buku la zibwenzi pansi pa pilo ya mwana, ndiliotche?

Azakhali_A25:
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna maganizo anu, makamaka inu aphunzitsi ndi inu okonda kuwerenga. Ndimakhala ndi mwana wa mchimwene wanga, mtsikana wa zaka 16, ali Fomu 3. Bambo ake ali ku Joni, ndiye zonse zili pamutu panga. Loweruka ndikuchotsa zofunda kuti ndichape, ndapeza buku lachingerezi pansi pa pilo, Turtles All the Way Down, wolemba John Green. Akuti anagula pa mulu wa mabuku akale omwe anyamata amayala pansi m'tauni muja. Kutsegula pakati, mtsikana ndi mnyamata akupsompsonana. Kutsegula pena, mtsikana yemweyo akumwa sanitizer! Masamba ambiri mwanayu wadula mizere ndi bolopeni yofiira. Ndalitsekera m'chikwama changa. Sanafunse, koma chiyambire tsikulo akungondiyankha "eya" ndi "ayi" basi. Kodi mabuku a zibwenzi za ana a sukuluwa si amene akutiwonongera ana? Ndimubwezere kapena ndiotche?

Bambo_Chilungamo:
Otchani amayi. Mwana wa Fomu 3 aziwerenga Biology ndi masamu. MANEB sifunsa za kupsompsonana.

Fana_wa_Ndirande:
Mu Biology ndiye muli zoposa pamenepo bwana, zojambula zomwe kkkkk

Bambo_Chilungamo:
Iwe mwana, akulu akamakamba nkhani umayamba wamvetsera.

Madam_Literature:
Azakhali, musafulumire ndi machesi. Bukuli ndinaliwerenga, linatuluka mu 2017. Mtsikana wake dzina lake Aza, wa zaka 16 ngati wanuyo, amakhala ku Indianapolis ku America. Chibwenzi chilimo, inde, ndi mnyamata wina dzina lake Davis amene bambo ake, mpondamatiki, asowa. Koma chibwenzicho si mutu wa nkhani. Aza amadwala matenda a maganizo otchedwa OCD. Mutu wake umangomuuza kuti walowedwa tizilombo ndipo afa. Ali ndi kabala pachala komwe amakatsegula yekha, kukatsuka, kukamata pulasitala, pakapita kanthawi n'kukatsegulanso. Pomwe mwaona akupsompsonanapo, mukawerenga tsamba lotsatira mupeza kuti mtsikanayo wagwidwa mantha oopsa poganiza za tizilombo ta m'kamwa mwa mnyamatayo. Sanitizer uja amamwa chifukwa cha mantha omwewo, ndipo bukulo silikometsa zimenezo ngakhale pang'ono, nthawi ina zimachitika ali gone m'chipatala ndipo zimaonekeratu kuti wadwalika. John Green mwiniwake ananena poyera kuti amadwala matenda omwewa.

Ndiye ine funso langa ndi ili: mizere yofiirayo wadula pati? Pa zopsompsonanazo kapena pena? Kaonenso, kenako mutiuze.

Mwana_wa_Abusa:
Ine vuto langa si chibwenzi. Vuto ndi loti mabuku a azungu amaphunzitsa ana kudzimvera chisoni. Ife tinakula tikuyenda makilomita asanu kupita kusukulu, m'mimba mulibe kanthu, panalibe wodwala nkhawa.

Namwino_wa_Usiku:
Analipo achimwene. Munkawatchula mayina ena. "Wagwa ziwanda", "wamulodza mnzake chifukwa cha mayeso", "ndi wamanyazi", "amangodwaladwala mutu". Kodi kusukulu kwanu kunalibe mtsikana amene ankakomoka nthawi ya mayeso?

Mwana_wa_Abusa:
Analipo mmodzi. Koma ameneyo tinamupempherera anachira.

Namwino_wa_Usiku:
Anachira, kapena anasiya kukuuzani?

Azakhali_A25:
A Madam, ndaona. Ndachita manyazi pang'ono. Pa masamba a mnyamata uja palibe mzere ngakhale umodzi. Mizere yonse ili pomwe mtsikanayo akulimbana ndi maganizo ake, ndi pomwe akukangana ndi mnzake wamkazi m'galimoto. Pamenepo wadula mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka.

Madam_Literature:
Ndimayembekezera zimenezo. Mnzakeyo ndi Daisy. Daisy amalemba tinkhani pa intaneti, ndipo Aza amadzatulukira kuti m'tinkhanimo muli munthu wina wotopetsa, woganiza za iye yekha, amene Daisy anamuumba pomutengera iyeyo. Kwa zaka, anthu akhala akuwerenga n'kumaseka. Mkangano wa m'galimotowo ndi pomwe Daisy amamuuza maso ndi maso kuti sadziwa chilichonse cha moyo wa mnzake, ngakhale zoti kwawo ndi osauka sazilabadira. Chomwe ndimalikondera bukuli n'choti Daisy sananame. Aza akudwaladi, komanso wakhaladi mnzake wolemetsa. Zonse ziwiri n'zoona nthawi imodzi. Ana amazindikira msanga buku likamawauza zoona ngati zimenezi.

Form4_Survivor:
Ndiyankhepo ngati munthu amene wachoka ku sekondale posachedwa. Akuluakulu mumaopa chibwenzi kwambiri moti simuona chomwe chimatipweteka zenizeni. Ine ndili Fomu 3 mnyamata wina anandisiya, ndinalira masiku atatu, lachinayi ndinali bho. Koma mnzanga wa pamtima, amene tinkagona bedi loyandikana ku hositelo kuyambira Fomu 1, tinkadyera limodzi chigumu chomwe amayi ankanditumizira, atatenga ma screenshot a zomwe ndinamuuza zakunyumba kwathu n'kutumiza pa gulu la kalasi nthawi ya holide, ndinadwala teremu yonse. Kudwala kwenikweni. Belu la ku dining likalira mtima unkathamanga, manja thukuta, ndinkayamba ndawerenga kuti patebulo pakhala ndani ndi ndani. Nthawi zina ndinkangogona ndi njala. Ku pulepu ndinkayang'ana tsamba limodzi maola awiri.

Amayi atabwera pa visiting anaona kuti ndaonda. Funso loyamba: "Uli ndi mimba?" Lachiwiri: "Ndi mnyamata uti?" Panalibe funso lachitatu. Ndikanawauza bwanji kuti ndi mtsikana mnzanga wandichita chipongwe? Akanangoti peza mnzako wina. Chibwenzi chikatha pali mawu ake, pali nyimbo zake, anzako amakupepesa. Chinzake chikatha palibe amene amakupatsa pepani.

Nachisale_BT:
Mwana iwe wandikumbutsa zinthu. Pepa, ngakhale papita nthawi.

Bambo_Chilungamo:
Ndawerenga zonse. Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chomwe ndinayankhira mwaukali, musandione ngati munthu wankhanza. Mu March 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid, mwana wanga wamkazi anali Fomu 2. Miyezi imene ija anakhala pakhomo ndi foni, ife tili kosaka ndalama. Pomwe sukulu zimatsegulidwa anali ndi pakati. Nditalanda foniyo ndinapeza ma peji a pa Facebook a nkhani zachikondi, zija amalemba gawo 1, gawo 2 mpaka gawo 80, mtsikana wosauka wakumana ndi bwana wa galimoto, bwanayo amumenya koma kenako amugulira foni, onse m'makomenti "awww". Mwana wanga ankawerenga zimenezo usiku wonse. Amene anamupatsa mimba anali munthu wamkulu, wa banja lake. Ndiye mukandiuza kuti nkhani sizisintha mwana, ine ndikana. Lero ndikulera mdzukulu.

Madam_Literature:
Bambo, pepani kwambiri. Ndipo sindikutsutsani kuti nkhani zimasintha mwana. Ndikanakhala kuti sindikhulupirira zimenezo sindikanaphunzitsa Literature zaka zonsezi. Nkhani za pa Facebook zomwe mukunenazo inenso ndimadana nazo, chifukwa zimaphunzitsa kuti nsanje ndi nkhonya ndiye chikondi. Koma taonani kusiyana kwake. M'nkhani zimenezo mwamuna ndiye mankhwala a mavuto onse a mtsikana. M'buku lomwe lili m'chikwama cha azakhaliwa, mnyamata ndi wolemera, ndi waulemu, amamukondadi mtsikanayo, koma chikondi chakecho sichimuchiritsa. Amene amathandiza ndi dokotala, mankhwala, mayi ake ndi mnzake uja atagwirizananso. Pomaliza mnyamatayo amasamuka. Mwana wa zaka 16 kumva kuti chibwenzi si chipatala, ine ndimaona ngati ndi katemera.

Kodi mwana wanuyo anabwerera kusukulu? Lamulo lolola atsikana kubwerera akabereka lilipo kuyambira 1993.

Bambo_Chilungamo:
Anabwerera, sukulu ina. Analemba MSCE. Zikomo pofunsa.

Gogo_wa_Mabuku:
Mukundiseketsa inu nonse amene mukuyankhula ngati zibwenzi za m'mabuku zayamba ndi foni. Ife m'ma 1980 tinali ndi ma Pacesetters a Macmillan, timabuku ting'onoting'ono tolowa m'thumba la yunifolomu, olemba ake a ku Nigeria, Kenya, ngakhale Mmalawi mnzathu Dede Kamkondo analembako. Buku limodzi linkazungulira hositelo yonse, pofika kwa iwe chikuto palibe, tsamba lomaliza wina anakulungira mtedza. Atsikana anali ndi mabuku achikondi a Mills & Boon, ankaikutira ndi pepala la khaki n'kulemba pamwamba "Agriculture Notes". Sisitere wina anagwira mnzathu, analanda, patapita sabata tinamuona sisitereyo akuwerenga kuseri kwa tchalitchi.

Nachisale_BT:
Kkkkk agogo! Nanga makalata aja? Mnyamata ankakopera mawu m'buku, iwe n'kuwapeza mawu omwewo m'kalata ya mnzako, wolemba yemweyo.

Fana_wa_Ndirande:
Ndiye copy and paste munayamba ndinu eti

Gogo_wa_Mabuku:
Ife tinkakopera ndi dzanja mwana iwe, pa pepala la maluwa, n'kuwaza pafyumu. Inu mumangotumiza ka mtima kofiira kwa anthu seveni nthawi imodzi.

Wa_ku_Chipata:
Kwathu kuno ku Chipata nakonso ma Pacesetters yanali yotchuka. Nifunseko, yapezeka kuti masiku yano? Nifuna nigulire mwana.

Gogo_wa_Mabuku:
Yesani kwa ogulitsa mabuku akale m'misewu, kapena ku laibulale. Kuno nthambi zina za National Library Service mumatha kuwapeza, atatopa ngati ine ndemwe.

Admin_Mabuku:
Abale, tibwerere kwa azakhali. Za ma Pacesetters titsegula ulusi wake.

Namwino_wa_Usiku:
Zikomo a Admin. Azakhali, ndiyankhule ngati wa zaumoyo. Choyamba, mizere yofiira si umboni woti mwana akudwala. Musapite kukamuuza kuti "uli ndi OCD", mungomuopseza. Mwina akudutsa m'zovuta ndi mnzake, mwina mawuwo angomukhudza. Nkhawa aliyense amakhala nayo, mayeso akayandikira, kapena bambo ali kutali ngati mmene zililimu. Imasanduka vuto ikayamba kumulanda mwana zinthu: tulo, chakudya, sukulu, anzake. Muziona ngati akudandaula mutu ndi m'mimba pafupipafupi koma kuchipatala osapeza malungo kapena china, ngati mtima umamuthamanga n'kumabanika popanda chifukwa, ngati wasiya zomwe ankakonda, ngati akusamba m'manja kapena kuona chitseko mobwerezabwereza mpaka kuchedwa kusukulu. OCD imasiyana ndi ukhondo wamba. Munthu amadziwa kuti ganizolo n'lopanda nzeru, koma limabwerabe, ndipo amachita kanthu kena kuti mtima ukhale pansi, mtima umakhaladi pansi mphindi zochepa, kenako ganizo lija n'kubweranso mwamphamvu kuposa poyamba. Kumukalipira kuti "siya zimenezo" kuli ngati kuuza wa chifuwa kuti asiye kutsokomola.

Mukaona zotere, yambirani pa chipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi, mufunse wa zamaganizo. Si zonse zimathera ku Zomba Mental, anthu amaopa dzina limeneli n'kumusunga mwana m'nyumba. A chipatala cha zamaganizo cha St John of God ali ku Mzuzu komanso ku Lilongwe. Mwana amathanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndipo akadzatchula zofuna kudzipha, ngakhale moseka, musadikire kuti kuche.

Mwana_wa_Abusa:
Apa ndiye mwandifikitsa pomwe ndimafuna. Si mabuku omwewa amene amaika maganizo odzipha m'mitu ya ana? Paja panali filimu ija ya pa Netflix.

Namwino_wa_Usiku:
13 Reasons Why, inatuluka 2017, yochokera m'buku la Jay Asher. Pamenepo ndili mbali yanu. Anaonetsa mwatsatanetsatane mmene mtsikana anadziphera, akatswiri a zamaganizo anadandaula kwambiri, ndipo mu 2019 Netflix inadula chigawo chimenecho. Choipa china n'choti nkhaniyo imaonetsa imfa ngati njira yobwezera amene anakulakwira, ndipo wamkulu amene mwanayo anapitako kukapempha thandizo sanamuthandize. Imeneyo sindingampatse mwana amene ali kale pamavuto kuti aonere yekha. Ndiye sindikunena kuti buku lililonse la achinyamata ndi labwino. Ndikunena kuti muziyamba mwaliwerenga.

Mlembi_Wobisala:
Ine chikundiwawa n'china. N'chifukwa chiyani mwana wa ku Area 25 akuchita kukapeza mtima wake mwa mtsikana wa ku Indianapolis amene amayendetsa galimoto popita kusukulu? Nkhani yathu ili kuti?

Ndimalemba nkhani zazifupi, ndipo ndikuuzeni mmene nkhani ya achinyamata imayendera kuno. Mtsikana wanzeru. Apeza chibwenzi. Anyozera malangizo a agogo. Mimba. Mnyamata athawira ku Joni. Kapena matenda, kenako maliro, kenako mwambi. Ndalembapo zotere zinayi, chifukwa mipikisano yambiri imabwera ndi mutu wake kale kuchokera kwa amene apereka ndalama: maukwati a ana, Edzi, kusiya sukulu. Zinthu zofunika, sindikukana. Zaka zokwatira zinachita kukwezedwa kufika 18 m'malamulo aakulu a dziko mu 2017 chifukwa vutolo ndi lenileni. Koma m'nkhani zimenezi mtsikana si munthu, ndi chikwangwani cha pamsewu. Sitilowa m'mutu mwake. Sitimva zomwe amaganiza 2 koloko usiku pamene mnzake waona uthenga koma sanayankhe. Ana amanunkhiza ulaliki patsamba loyamba, n'kutseka.

Ndinayesa kulemba ina: mtsikana wa pa CDSS amene amaopa kuyankha m'kalasi mpaka amadziluma lilime, ali ndi kachibwenzi kongoperekezana pobwera ku chigayo, palibe mimba, palibe wamwalira. Wina amene ndinamupatsa kuti aione anandifunsa kuti, "Nanga phunziro lake ndi lotani?"

Madam_Literature:
Koma tisanyoze zakwathu zonse. Nthondo wa Samuel Ntara, buku la 1933, mnyamata wake ndi wakuba, wamwano, wovuta, ndipo wolembayo amayenda naye moyo wonse osamutaya panjira. Ana anga m'kalasi amamukonda Nthondo ali wopulupudza kuposa atakhala mfumu. Luso lolemba mwana weniweni tinali nalo. Chomwe chatipha ndi msika. Wosindikiza amayang'ana buku lomwe lilowe pa silabasi, chifukwa ndi lokhalo lomwe sukulu zigule. Buku longowerenga posangalala agula ndani, pomwe kholo likulephera fizi?

Mlembi_Wobisala:
N'zoona madam. Komanso pali vuto la mawu. Ndikafuna kulemba zomwe a Form4_Survivor afotokoza zija, ndilemba chiyani? "Nkhawa" imamveka yopepuka, ngati ya munthu amene akudikira malipiro. "Misala" ndi yolemera kwambiri. Pakati pakepo palibe.

Mbare_Nyasa:
Ine ndinabadwira ku Harare, agogo anachokera ku Dedza. Kuno Achishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. Dokotala wina wa zamaganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench kuno ku Mbare, m'Harare muno, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu. Sanayambe ndi mawu a m'mabuku a udokotala, anayamba ndi mawu omwe anthu amanena kale. Inunso muli nawo. Agogo anga ankati "mtima uli m'mwamba", "mutu sukugwira", "akudya maganizo". Lembani momwemo achimwene.

Form4_Survivor:
"Mtima uli m'mwamba" ndi zenizenizo. A Mlembi, nkhani ya ku chigayo ija ikani pano, ine ndiwerenga. Musaikemo mwambi kumapeto chonde.

Fana_wa_Ndirande:
Ikanimo ndi mnyamata wamantha. Ife mafana timangolembedwa ngati opereka mimba basi. Ine ndinatha chaka chathunthu ndikuyeserera pagalasi mawu ofunsira mtsikana wina wa kwaya, tsiku lomwe ndinalimba mtima ndinangomufunsa kuti pulakatisi ndi nthawi yanji.

Nachisale_BT:
Kkkkk ndiye anayankha?

Fana_wa_Ndirande:
Anati 3 koloko. Pano ali pabanja ku Mzuzu.

Bambo_Chilungamo:
Mawu anga oti otchani ndabweza. Koma foni usiku ndiye ayi, pamenepo sindisuntha.

Madam_Literature:
Pa foni usiku tili limodzi bambo.

Azakhali_A25:
Ndabweranso abale. Ndinatenga masiku atatu ndikuwerenga, Chingerezi chake pena chimandithawa koma ndafika chaputala 12. Dzulo tikusenda mbatata ndinalitulutsa n'kuliika pampando. Ndinati, "Ndinalakwa kutenga osakuuza. Koma Daisy uja ine wandikwiyitsa." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Aunt, simunafike pomwe Daisy akufotokoza mbali yake." Tinakangana za Daisy mpaka mbatata inapserera.

Kenako zinatuluka zokha. Mnzake amene akhala limodzi kuyambira Sitandade 5 anasiya kumuyankhula teremu yatha, anapeza kagulu kena, ndipo pa break mwanayu amakakhala ku laibulale kuti asaoneke kuti ali yekha. Akuti usiku amabwereza m'mutu zonse zomwe anayankhulapo, kusaka pomwe analakwitsa. Miyezi inayi, ine ndili m'nyumba momwemo, ndikumuyang'ana pamimba. A Namwino, ndakulemberani ku inbox, pali zina za tulo zomwe ndikufuna kufunsa.

Za mnyamata ndinafunsabe, musandiseke, ndine azakhali. Akuti alipo wina wa Fomu 4 amene amamubwereka calculator.

Gogo_wa_Mabuku:
Calculator imeneyo muziiyang'anira. Ife inali rula.

Azakhali_A25:
Ndamva agogo. Buku wandibwereka mpaka Lachisanu lokha, akuti ndimawerenga mochedwa ndipo pali atsikana awiri a m'kalasi mwake amene ali pamzere. A Madam, kodi bambo ake a Davis aja adzapezeka? Ayi, musandiuze.